Liwu la proselytize si kulalikira chabe, omasulira tisamale

Akonzi,

Tiloleni kadanga m'nyuzipepala yanu kuti tikambeko za liwu limodzi la Chingerezi limene lakhala likupunthwitsa omasulira nkhani zachipembedzo, pa wailesi ndi m'manyuzipepala momwe. Liwulo ndi proselytize, ndipo limayenda ndi abale ake awiri, proselyte ndi proselytism. Womasulira akalipeza m'nkhani yakunja nthawi itamuthera, amangolemba kuti "kulalikira" n'kupitirira. Pena zimalondola. Koma kawirikawiri nkhani imapotoka, ndipo munthu amaikidwa m'kamwa mawu amene sanayankhule.

Pa 1 Okutobala 2013 nyuzipepala ya ku Italy ya La Repubblica inatulutsa macheza a Papa Francis ndi mtolankhani Eugenio Scalfari. Atawamasulira m'Chingerezi, chiganizo chimene chinawanda dziko lonse chinali choti proselytism ndi solemn nonsense, kapena kuti zinthu zopanda nzeru zovekedwa ulemu. Mukachipititsa ku Chichewa mwachidule chija mupeza mutu wa nkhani woti "Papa wati kulalikira n'kopanda nzeru." Komatu mwezi wotsatira, pa 24 Novembala, Papa yemweyo anatulutsa kalata yaitali ya Evangelii Gaudium, imene mfundo yake yaikulu ndi yoti Akhristu atuluke akalalikire. Sanasinthe maganizo m'masabata asanu ndi awiri. Kwa iye kulalikira ndi proselytism zinali zinthu ziwiri zosiyana. Scalfari anavomera pambuyo pake kuti sanajambule machezawo, anawalemba kuchokera pamtima, koma zimenezi sizichotsa kanthu chifukwa Papa Francis anabwereza mfundoyi kambirimbiri. Ndipo sanaiyambe ndi iye. Papa Benedict XVI ananena ku Aparecida m'dziko la Brazil pa 13 Meyi 2007 kuti Mpingo suchita proselytism, umakula chifukwa anthu amakopeka okha.

Kuti timvetse chifukwa chake liwu limodzi lili ndi nkhope zingapo, tiyambe kumene linachokera. Gwero lake ndi Chigiriki, proselytos, kutanthauza munthu amene wabwera, wofika. Ayuda a ku Alexandria atamasulira Malemba awo kuchoka m'Chihebri kupita m'Chigiriki, zaka zoposa 200 Yesu asanabadwe, anagwiritsa ntchito liwuli m'malo mwa la Chihebri loti ger, mlendo wokhala pakati pa Aisraeli. Mwachichewa tingati obwera, kusiyanitsa ndi eni nthaka. Patapita nthawi linayamba kutanthauza munthu wa mtundu wina amene walowa Chiyuda kotheratu. Malinga ndi chiphunzitso cha arabi, aphunzitsi a chipembedzo cha Chiyuda, munthu wotere ankayenera kudulidwa ngati ali wamwamuna, kumizidwa m'madzi, ndi kupereka nsembe pamene Kachisi anali chikhalire. Onani kuti pa chiyambi liwuli linkanena za wobwerayo, osati za munthu amene wapita kukamutenga.

M'Chipangano Chatsopano limapezeka kanayi kokha. Pa Machitidwe 2 otembenukira ku Chiyudawa ali m'gulu la alendo ochokera ku Roma tsiku la Pentekoste. Pa Machitidwe 6:5 mmodzi mwa amuna asanu ndi awiri osankhidwa kuyang'anira kagawidwe ka chakudya kwa amasiye, Nikolao wa ku Antiokeya, akutchedwa ndi liwu lomweli, ndipo palibe chonyoza chilichonse pamenepo. Pa Machitidwe 13:43 ndi anthu opembedza amene anatsata Paulo ndi Barnaba. Malo atatuwa liwuli n'loyera. Fungo loipa linachokera pa Mateyu 23:15, pamene Yesu akudzudzula alembi ndi Afarisi kuti amayendayenda panyanja ndi pamtunda kuti apeze munthu mmodzi wotembenuka, ndipo akamupeza amamusandutsa mwana wa gehena kuposa iwo eni. Vesi limeneli ndi limene anthu ambiri olankhula Chingerezi amalikumbukira, ndipo linapaka liwuli mwaye umene sunachoke mpaka lero.

Dzina loti proselyte linalowa m'Chingerezi chakumapeto kwa zaka za m'ma 1300, kudzera m'Chilatini ndi Chifalansa. Mneni woti proselytize ndi wa m'mbuyo muno, wa m'ma 1670. Apa m'pamene diso linachoka pa wobwera n'kupita pa wokoka.

Za kalembedwe tidutsepo msanga. Liwuli lili ndi zilembo 11 ndi maphatikizo anayi, ndipo mphamvu ya katchulidwe imagwa pa phatikizo loyamba. Olemba ambiri amalakwitsa posinthanitsa e ndi y, n'kulemba prosyletize, kapena kumeza e yapakati. Ku America amalemba ndi z kumapeto, ku Britain ambiri amalemba proselytise ndi s ngakhale z nayenso amaloledwa, choncho zonse ziwiri n'zolondola bola nkhani imodzi isasakanize. Mneniyu amatha kukhala woyambukira, pamtherankhani pake n'kukhala anthu amene akukokedwawo, ndipo amathanso kuima payekha popanda pamtherankhani. Chimene satenga kawirikawiri ndi uthengawo. M'Chingerezi munthu amachita preach the gospel, koma si kawirikawiri kunena kuti proselytize the gospel. Kusiyana kwa galamala kumeneku kukuulula zambiri. Preach ndi evangelize, limene linachokera ku liwu la Chigiriki la uthenga wabwino, amaloza pa zimene zikunenedwa. Proselytize amaloza pa munthu amene akufunidwa kuti achoke kumene ali alowe kwathu.

China chimene omasulira amaphonya ndi choti liwuli limanena za kuyesa, osati za zotsatira. Convert ndiye limanena kuti munthu wasinthadi. Nkhani ikati wina wamangidwa chifukwa cha proselytizing, sizitanthauza kuti pali amene anasiya chipembedzo chake. Mwina womangidwayo anangopereka kabuku pakhomo n'kupirikitsidwa. Tikalemba kuti "wamangidwa chifukwa chotembenuza anthu" tawonjezera mlandu umene apolisi sanaunene. Komanso tizisamala ndi "kutembenuka mtima." Mawu amenewa m'matchalitchi athu amatanthauza kulapa, ndipo munthu amatembenuka mtima ali mu mpingo womwewo umene anabatizidwiramo ali khanda. Kusintha chipembedzo ndi nkhani ina, ndipo Chichewa chili ndi mawu ake omveka, kulowa Chisilamu, kulowa Chikhristu, kusiya mpingo, kusamukira ku mpingo wina.

Tsopano pa chenicheni cha kalatayi. Liwuli lili ndi matanthauzo atatu amene amadalira mwini mawu, ndipo womasulira sangalimasulire asanadziwe kuti akuyankhula ndani.

Tanthauzo loyamba ndi la mu mtanthauziramawu, kuyesa kukopa munthu kuti alowe chipembedzo, chipani kapena maganizo ako. Pamenepa palibe kunyoza. Atolankhani, akatswiri a mbiri yakale ndi ofufuza amaligwiritsa ntchito chonchi, monga ponena kuti Chikhristu, Chisilamu ndi Chibuda ndi zipembedzo zofuna otsatira atsopano, pamene Chiyuda cha masiku ano sichipita kukasaka anthu. Palinso mpingo umene umalinena wokha mosachita manyazi. A Church of Jesus Christ of Latter-day Saints akhala akutchula ntchito ya amishonale awo kuti proselyting, kuchokera ku mneni wakale wamfupi woti proselyte. Iwo akatero akungonena za kugogoda pamakomo ndi kuphunzitsa. Apa "kulalikira pofuna otsatira atsopano" kapena "kukopa anthu kuti alowe mpingo wawo" n'kokwanira.

Tanthauzo lachiwiri ndi la atsogoleri a mipingo ikuluikulu, ndipo ndi lopapatiza komanso lodzudzula. Bungwe la mipingo ya pa dziko lonse la World Council of Churches litakumana ku New Delhi mu 1961 linalandira chikalata chosiyanitsa umboni wachikhristu ndi proselytism, n'kunena kuti chachiwirichi ndi umboni wovunda. Msonkhano waukulu wa mabishopu a Katolika wa Vatican II mu 1965, m'chikalata cha ufulu wa chipembedzo cha Dignitatis Humanae, unaletsa njira iliyonse yokhala ngati kukakamiza kapena kunyengerera kosayenera, makamaka pochita ndi anthu osauka kapena osaphunzira. Pa 28 Juni 2011 ku Geneva, a World Council of Churches, a Vatican ndi a World Evangelical Alliance anatulutsa limodzi malangizo a khalidwe pochitira umboni pakati pa zipembedzo zina, oletsa chinyengo, kukakamiza, ndi kupezerapo mwayi pa umphawi wa anthu. Bishopu, mbusa wa sinodi kapena Papa akatchula liwuli, pafupifupi nthawi zonse akunena zimenezi. Chichewa sichisowa mawu pano: kunyengerera anthu ndi zinthu, kuumiriza, kuopseza, kunenera zabodza mpingo wa anzako kuti anthu authawe. Ngati okokedwawo ali kale Akhristu a mpingo wina, mawu amene akhristu eni ake amanena ndi "kuba nkhosa," ndipo ndi amene ayenera kulowa m'nkhani.

Kuba nkhosa si dandaulo la masiku a mipingo ya m'makalasi a sukulu ndi zokuzira mawu. Mmishonale wa ku England Joseph Booth atafika mu 1892 n'kukhazikitsa Zambezi Industrial Mission ku Mitsidi, pafupi ndi Blantyre, amishonale a ku Scotland amene anali pamalopo kuyambira 1876 anadandaula kuti akuwatengera anthu amene iwo anawaphunzitsa, powakopa ndi malipiro okwera. Kaya Booth ankagula anthu kapena ankangolipira antchito moyenera, umenewo ndi mkangano wa akatswiri a mbiri, ndipo ife tikuona kuti mbali zonse zili ndi pogwira. Chofunika kwa womasulira ndi choti wodandaula ndiye amasankha liwuli. Palibe amene amati ndikuba nkhosa. Amati ndikudyetsa nkhosa zimene abusa ake anazitaya.

Kumeneku n'kumene kuli msampha waukulu. M'Chingerezi anthu amakonda kunena evangelize za a kwawo ndi proselytize za a kwina, ntchito ili imodzimodzi. Asilamu amatchula ntchito yawo yofalitsa chipembedzo kuti dawah, liwu la Chiarabu lotanthauza kuitana, ndipo Qur'an pa 16:125 imalamula kuitana mwanzeru ndi ulaliki wabwino, pamene pa 2:256 imati palibe kukakamiza pa chipembedzo. Koma nkhani zambiri za Chingerezi zimamasulira dawah kuti proselytizing. Womasulira akatsata mwakhungu, m'nyuzipepala imodzi Akhristu azioneka "akufalitsa uthenga" pamene Asilamu "akukopa anthu," ndipo nyuzipepalayo yatenga mbali osadziwa. M'dziko limene kalembera wa 2018 anapeza kuti pafupifupi anthu 14 pa 100 alionse ndi Asilamu, ndipo ku Mangochi, Machinga ndi Balaka banja limodzi limatha kukhala ndi shehe ndi mkulu wa mpingo, tsankho lobwereka loterolo silofunika. Ntchito ikakhala yofanana, mawu akhale ofanana.

Tanthauzo lachitatu ndi la malamulo ndi mapangano olembedwa, ndipo ili ndi limene lingamuike munthu m'chitokosi. Dziko la Greece linaletsa proselytism m'malamulo ake aakulu, pa gawo 13, ndipo lamulo lopereka chilango linakhazikitsidwa mu 1938 n'kukonzedwanso mu 1939, mu ulamuliro wa Ioannis Metaxas, mtsogoleri wa dzikolo pa nthawiyo. Pa 2 Malichi 1986 Minos Kokkinakis, wa Mboni za Yehova, pamodzi ndi mkazi wake analowa m'nyumba ina ku Sitia pa chilumba cha Crete n'kuyamba kucheza za Baibulo ndi mayi wa pakhomopo. Mwamuna wa mayiyo, amene anali wotsogolera nyimbo m'tchalitchi cha Orthodox, anaitana apolisi. Awiriwo anagona kupolisi, ndipo bwalo linawagamula miyezi inayi aliyense. Atachita apilo mkaziyo anamasulidwa, mwamunayo chilango chinatsika kufika miyezi itatu. Kokkinakis anali atamangidwapo kale maulendo oposa 60 pa mlandu womwewu. Nkhaniyi inakafika ku bwalo la ufulu wa anthu la ku Ulaya ku Strasbourg, limene pa 25 Meyi 1993 linagamula kuti Greece inaphwanya ufulu wake. Bwalolo linati ufulu wa chipembedzo umaphatikizapo kuyesa kukhutiritsa mnansi wako, apo ayi ufulu wosintha chipembedzo ungakhale wa papepala chabe. Koma linasiya khomo lotsegula kuti boma lingaletse improper proselytism, ndipo linatchula zitsanzo: kulonjeza chuma kapena ulemu, kupanikiza anthu amene ali pamavuto, chiwawa, ndi kusokoneza munthu mutu.

Onani kuti oweruzawo anafunika kuwonjezera mfotokozi woti improper, kutanthauza chosayenera. Kwa iwo proselytism payokha si mlandu. Kwa mabishopu liwulo lili kale ndi kusayenera m'kati mwake. Womasulira amene sanaone kusiyana kumeneku angalembe kuti bwalo laloleza kunyengerera anthu, zomwe ndi bodza.

Mlandu wachiwiri wa ku Greece komweko, wa Larissis ndi anzake, umene unagamulidwa mu Febuluwale 1998, ndi umene ife timauona wothandiza kwambiri. Akuluakulu atatu a asilikali a nkhondo ya mumlengalenga, a mpingo wa Pentekoste, analangidwa chifukwa cholalikira asilikali a pansi pawo komanso anthu wamba. Bwalo la ku Strasbourg linagawa nkhaniyo pakati. Pa anthu wamba linati boma linalakwa kuwalanga. Pa asilikali aang'ono linati boma silinalakwe, chifukwa msilikali sangamuuze bwana wake kuti zandikwana, ndisiyeni. Uthenga unali womwewo, olalikira anali omwewo, chosiyana chinali choti womvera angathe kukana kapena ayi. Muyeso umenewu ukugwira ntchito kulikonse: bwana ndi wantchito wa pakhomo, mphunzitsi ndi mwana woyembekezera mayeso, namwino ndi wodwala amene wagona pabedi akudikira jakisoni.

Mayiko ena mzere anaudula pena. Ku India chigawo cha Orissa, chimene lero chimatchedwa Odisha, chinakhazikitsa lamulo mu 1967 loletsa kusinthitsa munthu chipembedzo mokakamiza, monyengerera ndi zinthu kapena mwachinyengo, ndipo mu 1977 bwalo lalikulu la dzikolo linagamula kuti ufulu wofalitsa chipembedzo si ufulu wotembenuza munthu wina. Ku Nepal malamulo aakulu a 2015 amaletsa kusinthitsa munthu chipembedzo, ndipo lamulo la milandu limene linayamba kugwira ntchito mu 2018 limapereka chilango chofika zaka zisanu kundende ndi chindapusa cha ndalama za kumeneko zofika 50,000, mlendo n'kuthamangitsidwa m'dzikomo. Ku Morocco gawo 220 la malamulo a milandu limapereka miyezi isanu ndi umodzi mpaka zaka zitatu kwa wogwiritsa ntchito zokopa kuti agwedeze chikhulupiriro cha Msilamu, ndipo ku Algeria lamulo la 2006 limapereka zaka ziwiri mpaka zisanu. Russia mu 2016 inakhwimitsa malamulo a ntchito za umishonale, mpaka a Latter-day Saints anayamba kutchula anthu awo kumeneko kuti odzipereka m'malo mwa amishonale. Ku Israel, kumene achinyamata a kuno akhala akupita kukagwira ntchito m'minda kuyambira kumapeto kwa 2023, lamulo la 1977 sililetsa kukamba za chikhulupiriro chako, koma limaletsa kupereka ndalama kapena phindu lina kuti munthu asinthe chipembedzo, zaka zisanu kwa wopereka ndi zitatu kwa wolandira, ndipo pali lamulo lina loteteza ana.

Tatchula mayiko onsewa chifukwa ife a kuno tinazolowera. Gawo 33 la malamulo aakulu a dziko lino limapereka ufulu wa chikumbumtima ndi chipembedzo, ndipo mlaliki amaimirira m'basi isananyamuke pa depoti, Baibulo m'manja, anthu n'kuvomera ameni mpaka kuponya kangachepe. Munthu woleredwa chonchi akawerenga pa fomu ya chitupa cholowera m'dziko la eni kapena pa kontirakiti kuti no proselytizing, saona choopsa. Nkhani ya Chichewa ikangoti "amangidwa chifukwa cholalikira," sinamuuze chimene chili choletsedwa kwenikweni: kodi ndi kugawa timabuku, kuitanira mnzako ku mapemphero a m'nyumba, kubatiza, kapena kupereka mphatso? Nkhani yabwino itchule ntchito yeniyeniyo ndi lamulo limene lagwiritsidwa ntchito.

Kuno kwathu liwuli timakumana nalo kwambiri m'mapangano a mabungwe othandiza, ndipo m'menemo lili ndi tanthauzo lotambalala kuposa la mabishopu. Malamulo a khalidwe a mabungwe a Red Cross ndi Red Crescent pamodzi ndi mabungwe ena othandiza pa ngozi, a mu 1994, ali ndi mfundo khumi, ndipo yachitatu imati thandizo lisagwiritsidwe ntchito kupititsa patsogolo maganizo a ndale kapena a chipembedzo. Boma la America mu 2004 linakhazikitsa lamulo la mabungwe achipembedzo amene ankalandira ndalama kudzera ku bungwe lake la thandizo la USAID, loti mapemphero, maphunziro a chipembedzo ndi proselytization zisalipiridwe ndi ndalamazo, zichitike pa nthawi ina kapena malo ena, ndipo wolandira thandizo alowemo mwa kufuna kwake. Mantha amenewa ali ndi mbiri. Pa njala yaikulu ya ku Ireland ya m'ma 1840 panali malo ena kumene Akatolika anjala ankalandira supu pokhapokha ana awo aphunzire chiphunzitso cha Chipulotesitanti, ndipo mabanja amene analandira ananyozedwa kwa mibadwo. Ku Asia kunabadwa mawu oti rice Christians, Akhristu a mpunga.

Taganizani tsiku logawa chakudya pa msasa wa anthu othawa madzi osefukira, ngati misasa ija inadzaza m'chigawo cha kummwera namondwe wa Freddy atawomba mu Malichi 2023. Malo okhawo okhala ndi denga ndi tchalitchi, matumba a ufa, nyemba ndi zigubu za mafuta zaunjikidwa kuseri kwa guwa, ndipo ogawa ndi amayi a mpingo atavala yunifomu yawo. Palibe cholakwika pamenepo. Pangano lija silikuletsa tchalitchi, yunifomu, kapena kuyankha munthu akafunsa kuti ndinu a mpingo uti. Likuletsa kutenga mayina m'buku la mpingo m'malo mwa kaundula wa mfumu ndi komiti ya m'mudzi. Likuletsa kudinda makadi pakhomo mapemphero atatha kuti amene sanalowe akhale kumapeto kwa mzere. Likuletsa kulowetsa timabuku m'matumba a ufa, kuitanira anthu kutsogolo kuti alandire Yesu ufa usanagawidwe, ndi kufunsa chipembedzo cha munthu pa fomu popanda chifukwa. Pemphero lotsegulira msonkhano, limene kwa ife ndi mwambo, ndi pamene pamaterera. Njira yosavuta ndi kulengeza nthawi ziwiri zosiyana, kuti kugawa kuyamba 9 koloko kwa aliyense amene ali pa mndandanda, ndipo ofuna mapemphero atsale kugawa kukatha. Dongosolo likakhala lotere palibe amene angaganize kuti thumba lake lagona pa ameni.

Zimalakwika pomasulira panganolo kwa ogwira ntchito. Womasulira wina amati "musalalikire," anthu n'kumva kuti azungu aletsa Mulungu, amakhumudwa, ena amasiya ntchito, ena amachita mobisa. Wina amati "musakakamize anthu," ogawa n'kuona kuti malinga sanamugwire munthu pakhosi zonse zili bwino, ndipo timabuku timalowa m'matumba. Oyendera ntchito akabwera n'kupeza zimenezi, ndalama zimaimitsidwa, ovutika ndi a pamzere aja. Chiganizo cholondola n'chachitali koma sichisiya mpata: "Musagwiritse ntchito thandizo ili, nthawi yake kapena mndandanda wake pokopa anthu kuti alowe chipembedzo kapena mpingo wanu."

Ndiye womasulira atani akakumana ndi liwuli pa desiki, nkhani ikufunika pasanathe ola? Ayambe wafunsa kuti mwini mawu ndani. Ngati ndi mtsogoleri wa mpingo akudzudzula kapena kudzikana, alembe za kunyengerera, kuumiriza kapena kuba nkhosa, ndipo asalembe "kulalikira" ngakhale pang'ono. Ngati ndi wapolisi, woweruza kapena lamulo, afufuze m'nkhanimo chimene munthuyo anachita n'kuchitchula, kenako awonjezere kuti ndi mlandu "woyesa kusinthitsa anthu chipembedzo" pansi pa lamulo la dzikolo, ndi liwu loti "akuti" ngati mlandu sunagamulidwe. Ngati ndi pangano la thandizo, atenge tanthauzo lotambalala lija. Ngati ndi mtolankhani akungofotokoza, alembe "kukopa anthu kuti alowe chipembedzo chawo," ndipo adzifunse ngati akanalemba chimodzimodzi gululo likanakhala la mpingo wake. Kenako ayang'ane kuti okopedwawo akuchoka kuti, chifukwa kuchoka ku Chihindu kupita ku Chikhristu ndi kusintha chipembedzo, pamene kuchoka ku Orthodox kupita ku Baptist ndi kusintha mpingo, ndipo madandaulo ambiri a ku Russia, Greece ndi Ethiopia ndi a mtundu wachiwiriwu.

Ena anganene kuti bwanji tingolibwereka, tizilemba pulosilitaizi monga tinachitira ndi kompyuta ndi intaneti. Ife sitikuvomereza. Kompyuta tinaibwereka chifukwa chinthucho chinali chachilendo. Pano Chichewa ndicho cholemera kuposa Chingerezi, chifukwa kukopa, kunyengerera, kuumiriza, kukakamiza ndi kuopseza ndi masitepe osiyana amene mwana aliyense amawadziwa, pamene Chingerezi chawaunjika m'thumba limodzi. Kubwereka liwuli kungakhale kubwereka chisokonezo chake. Vuto lenileni ndi malo a mutu wa nkhani, poti mawu athu amatalika. Koma "Papa adzudzula kunyengerera anthu kulowa mpingo" akukwana pa mizere iwiri, ndipo "Amangidwa ku Nepal pomuganizira kukopa anthu kusiya chipembedzo" akukwana pa itatu.

Pali malo amodzi pamene "kulalikira" kumagwa bwino kwambiri, ndipo ndi pamene liwuli lachoka m'tchalitchi. Olankhula Chingerezi amati munthu akuchita proselytize za magalimoto oyendera magetsi, za kusadya nyama, kapena za pulogalamu ina ya pa kompyuta, kutanthauza kuti wazikonda mpaka sapatsa anzake mpata wopuma. Muli kachipongwe pang'ono m'menemo, ndipo Chichewa chimachita chimodzimodzi. Mlimi amene wayesa feteleza wa Mbeya chimanga n'kumuchitira bwino, ndiye pa maliro, pa chigayo ndi pa mjigo nkhani ndi yomweyo ya madeya, phulusa ndi ndowe, anzake amati wayambatu kulalikira uja. Pamenepo womasulira alembe "kulalikira" ndi mtima wonse.

Ife aphunzitsi a zinenero ndi omasulira,
Zomba